Sandipepa wa Agogo

1. Sopo ndi a m'nyumba mwake

Kusukulu ndi kunyumba komwe, mtsikanayu ankadziwika ndi dzina loti Sopo. Anamupatsa dzinali ndi aphunzitsi a masamu, chifukwa mlandu uliwonse ukati umugwire, iye ankaterereka m'manja n'kugwera patali. Zenera la m'kalasi likasweka, Sopo anali ali kuchimbudzi. Shuga akatha m'chitini, zinali nyerere. Nyerere za m'nyumba imeneyo zinali zophunzira ndithu, zinkadziwa kutsekula chitini n'kutsekanso bwinobwino.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri. China chinali cha amayi ndi bambo. Chinacho kale chinali cha Sopo, koma agogo ake, abambo awo a bambo, atadwala matenda ofa ziwalo, anawatenga n'kuwaika m'menemo. Sopo anamusamutsira pabalaza, pa matiresi oyala pogona n'kupinda m'mawa. Zimenezi zinkamudya mumtima tsiku ndi tsiku.

Agogowo anali kalipentala masiku awo. Ukalamba unawalanda mano onse, matenda n'kudzawalandanso mwendo wamanzere, koma manja anatsala. Tsono manja a mmisiri samva kuti ntchito inatha. M'thumba la jekete lawo simunkasowa kachidutswa ka sandipepa. Mpini wa tsache anausalaza. Miyendo ya mipando anaisalaza. Masiku amenewa ankalimbana ndi kathabwa kena kakang'ono, kamene palibe amene anavutika n'kufunsa kuti n'ka chiyani.

Tsiku lina anaona kotukuka pa vanishi ya kabati ya amayi. Anapala pamenepo mpaka panatsala chigamba chotuwa ngati chipsera. Iwo ankati akukonza. Amayi sanawakhululukire.

Amayi ankaluka tsitsi m'kasaluni kawo ka kumsewu. Bambo anali dalaivala wa thiraki, munthu wa maulendo ataliatali. Bambo akakhala pakhomo, amayi ankawatchula apongozi awowo kuti "bambo athu". Thiraki ikangokhota pakona, dzina linkasintha n'kukhala "katundu uja".

M'nyumbamo munalinso mwana wina womaliza, wokondedwa kuposa onse. Ameneyu anali foni ya amayi, imene bambo anabwera nayo ku ulendo. Galasi lake linali lalikulu ngati chikhatho, lonyezimira moti unkatha kupeserapo tsitsi. Inali ndi kansalu kakekake kopukutira, ndipo inkagona pa pilo. Sopo akatsokomola, amayi ankamuuza kuti amwe madzi. Foni ikangotentha pang'ono, amayi ankasowa mtendere.

Lamulo linali limodzi: woigwira, dzanja lake lidulidwa.

2. Chenjezo la pakhonde

Loweruka lina m'mawa amayi anapita m'tauni kukaoda tsitsi loikirira. Foni anaisiya pa tchaja kuchipinda, poopa anyamata opisa m'matumba.

Fumbi la mapazi awo lisanatsike, mnzake wa Sopo anali atafika kale. Ameneyu ankatchedwa Wailesi, chifukwa akayamba kulankhula, poti umuzimitsire panalibe. Anabwera ndi nkhani yoti atsikana onse a m'kalasi mwawo anali atajambula kanema akuvina, kupatula iwo awiri. Kodi iwo anali opunduka? Kodi nkhope zawo zinali zoopsezera ana?

Sopo sanafune kuuzidwa kawiri. Nambala yotsekulira foni ankaidziwa, poti amayi ankaitchula mokweza nthawi zonse akamaidina. Atsikanawo anadzola mafuta mpaka kuwala ngati mabotolo, n'kutuluka pabwalo. Foni anaitsamiritsa ku njerwa, pamchenga.

Anavina ndithu. Koma pa kudumpha kwina, chidendene cha Wailesi chinagunda njerwa ija, foni n'kugwa chafufumimba. Sopo ataitola, galasi lonse linali mchenga wokhawokha, womatirira pa mafuta a zala zake. Anagwira mpendero wa siketi kuti apukute.

Agogo anali pakhonde pampando wawo, akuona zonse.

"Taima kaye, mdzukulu wanga," anatero. "Usapukute. Mchenga umenewo ndi womwewu anamata papepala langali. Ukaukhutiza ndi nsalu, ndiye kuti wapanga sandipepa wakowako. Yamba wauzira ndi pakamwa, ugwe wokha. Ukatero uizimitse foniyo, ukatenge kansalu kake kaja, unyowetse kansonga ndi dontho la madzi. Ndati dontho, osati mtsinje. Upukute mopepuka, ngati ukuchotsa chitsotso m'diso la khanda. Ine za mafoni sindizidziwa, koma magalasi a makabati ndaika ambiri. Thabwa ukalikanda limakhululuka. Umapala pang'ono, kupaka vanishi, mwiniwake osadziwa kanthu. Galasi silikhululuka. Ndipo umve ichi: chinthu chikaonongekera m'manja mwako, chisiye pomwepo, ukanene. Ndaona anyamata ambiri pantchito. Woononga kwambiri sanali wolakwitsa ayi, anali wobisa."

Wailesi anali atagwira kale pakamwa, mapewa akugwedera.

"Agogo, inu nthawi yanu foni inali yomangirira kukhoma ngati mbuzi," anatero Sopo. "Izi tisiyireni eni ake."

Anakhutiza siketi ija pagalasi, uku ndi uku, mwamphamvu ngati akutsuka poto. Atayang'ana, mafuta anali atachoka. Mchenga nawo unali utachoka. Koma unasiya siginecha yake: mzere wautali wochokera pakona mpaka pakati, ndi tiana take tiwiri m'mbali.

Agogo anaweramira kathabwa kawo n'kupitiriza kupala.

3. Chipatala cha Wailesi

Wailesi anati asadandaule, zimenezo n'zazing'ono. Iye anaonapo kanema wa munthu wina wakunja akufufuta mizere yotere ndi mankhwala otsukira mano. Amati ukangopaka n'kutikita, galasi limabwerera ngati la m'sitolo. Msuweni wake anayesapo. Mnzake wa msuweni wake anayesaponso. Mboni za Wailesi nthawi zonse zinali anthu okhala kutali, osatheka kuwafunsa.

Analowa kubafa n'kutseka chitseko. Sopo anafinyira mankhwala pagalasi, osati pang'ono, poti ankafuna kuti lichire msanga. Anatikita ndi chala. Anatikita ndi nsonga ya thaulo. Atapukuta, mzere uja unali pomwepo ukumuyang'ana, ndipo mozungulira pake panali patachita chifunga.

Wailesi anati vuto ndi thaulo, linali lofewa kwambiri. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi siponji yotsukira mbale, ija ya mbali imodzi yokhakhala.

Safunsa anadya phula, koma wofunsa Wailesi amadya phula ndi njuchi zomwe.

Sopo anakwecha. Anakwechanso. Atatsuka ndi kansalu konyowa n'kuyang'ana padzuwa la pazenera, anapeza kuti mzere unali utasowadi. Pamalo pake panali chigamba chachikulu chotuwa, ngati ng'ala m'diso la munthu. Foni inkayaka, koma nkhope ya amayi imene inali pagalasipo inkaoneka ngati ili kuseri kwa utsi.

Apa Wailesi anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya madzi pamoto. Aka kanali koyamba chibadwire kuti azime yekha.

4. Zigamba ziwiri

Sopo anatsala yekha pabalaza, foni ili m'manja. Anaipukuta ndi kansalu kake kaja, kamene tsopano kanali kopanda ntchito ngati ambulera mvula itatha.

Atakweza maso, anaona kabati ya amayi. Anayang'ana chigamba cha pakabati. Anayang'ana chigamba cha pafoni. Zinali ngati mapasa a mayi mmodzi.

Anasuzumira pakhonde. Dzuwa linali litawagonjetsa agogo. Mutu unali utagwera pachifuwa, pakamwa pali yasa, ndodo itatsamira kukhoma. Sandipepa uja anali atawapulumuka m'dzanja n'kugwera pamiyendo.

Njira zinali ziwiri, ndipo zonse ankaziona bwino. Ina inali yodikira amayi pachipata n'kunena. Kumeneko kunali mbama, mwina lamba, ndi kunyozedwa kwa sabata yathunthu. Inayo inali yaifupi, mapazi owerengeka okha.

Sopo anavula masilipasi kuti asachite phokoso. Anaika foni pakasitulu ka pambali pa agogo. Anatola sandipepa ndi zala ziwiri n'kumugoneka pamwamba pa galasi. Kenaka anapita kuseri kukatsuka mbale, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza kuti oyandikana nawo amve kuti pakhomopo pali mwana wabwino.

5. Mlandu

Amayi anafika masana ndi chikwama cha tsitsi, makasitomala awiri akuwatsatira pambuyo. Ataona pakasitulu anaima chilili. Anachotsa sandipepa. Ananyamula foni, n'kuiyandikitsa kumaso mpaka kukhudza mphuno. Anakhala choncho kanthawi.

Sopo ankayembekezera mkuwo wogwetsa denga. Mkuwo sunabwere. Amayi anangoika chikwama pansi mwaulemu, n'kugwedeza mpando wa agogo ndi phazi.

Agogo anadzidzimuka. Amayi anawaonetsa foni n'kufunsa ngati imeneyinso amaikonza. Agogo anayang'ana chigambacho, anayang'ana sandipepa wawo, n'kunena kuti iwo sanaigwire foniyo chibwerereni m'nyumbamo.

Amayi anaseka, n'kutembenukira kwa makasitomala aja. Anawauza kuti aone okha zimene iwo amapirira. Anawalowetsa m'nyumba kukawaonetsa kabati. Atatuluka anapisa m'matumba a jekete ya agogo, anthu akuona, n'kukhuthulira pansi zonse: tizidutswa ta sandipepa, pensulo yothyoka, mpango wa m'manja. Mmodzi mwa azimayi aja anati munthu akakalamba amabwerera ku umwana. Winayo anati kwawo wotere amamutsekera m'chipinda.

Ndiye amayi anaitana Sopo. Anabwera manja ali thovu lokhalokha.

"Iwe unali pakhomo pano. Wachita izi ndani?"

Sopo anayang'ana pansi. Anayang'ana phazi la agogo lija lakufa, limene linali litavuka silipasi.

"Ndi agogo," anatero. "Ndinawaona. Anati pagalasi pali litsiro. Ndinawaletsa, koma anati ine ndine mwana."

Bodza likapeza pakhomo potsekula silibwera lokha, limabwera ndi abale ake. Mawu omalizawo Sopo sanawakonzekere n'komwe. Anangotuluka okha, osalala.

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Anamuyang'ana ngati mmene ankayang'anira thabwa asanalicheke.

"Mayi," anatero kwa mpongozi wawo, "ngati mwana akuti anandiona, ine ndinganenenso chiyani? Maso ake ndi atsopano, anga ndi akale." Kenaka anatembenukira kwa Sopo. "Koma iwe mdzukulu wanga, ndikuuze za mnzanga wina amene ndinkagwira naye ntchito. Akapeza thabwa lodyedwa ndi chiswe, sankalitaya. Ankasakaniza utuchi ndi guluu, kutseka mabowo onse, kupala, kupaka vanishi. Mpando unkatuluka wokongola kuposa wanga, ndipo ogula ankathamangira kwa iye. Ine ndinkamuuza kuti chiswe sichiwerenga vanishi, chimadyabe m'kati. Iye ankati pofika tsiku lothyoka, mpando udzakhala uli kwa eni ake. Tsiku lina mpando wina unatsala osagulidwa, anapita nawo kwawo. Anaukhalira ndi mkazi wake, ali ndi pakati. Zotsalazo sindinena, pali alendo. Ntchito wagwira leroyi ndi yosalala, mdzukulu wanga. Yaposa ya mnzanga uja. Koma mpando umenewu suugulitsa. Uukhalira wekha."

Amayi anauza azimayi aja kuti amve okha, mutu unali utayamba kale kusokonekera. Munthu akufunsidwa za foni, iye akuyankha za chiswe.

6. Katundu anyamuka

Foniyo, ngakhale inali ndi ng'ala, kuimba inkaimba. Amayi anaimbira azakhali a Sopo, alongo awo a bambo, amene ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa golosale ndi ana awo onse. Anawauza kuti bambo awo afika poopsa. Lero ndi foni, mawa adzapala nkhope ya mwana ali mtulo, mkuja adzatentha nyumba. Azakhali anadandaula kuti kwawoko malo kulibe, munthu wodwala mwendo akagona pati? Amayi anati pakhonde la golosale pali denga. Anawonjezera kuti achimwene awo avomereza kale.

Bambo nthawi imeneyo anali m'njira yopanda netiweki, osadziwa kanthu.

Dzuwa lisanapendeke, kagalimoto ka woyandikana nawo kanali pachipata. Zovala za agogo anazilonga m'thumba la saka. Ntchito yogwira pakamwa pa thumbalo anapatsidwa Sopo. Agogo anapempha mpando wawo wa pakhonde, umene anaukhoma okha ndi manja awo. Amayi anati mpando ndi wa nyumba. Tizidutswa ta sandipepa tija anatisesera kudzala.

Amuna awiri anawanyamula agogo n'kuwakhazika kumbuyo, pakati pa thumba lawo ndi tayala lapadera. Ana a mumsewu anasonkhana kudzaonerera. Wailesi anali pomwepo, madzi ake aja atapsa kale, akufotokozera anzake mmene gogoyo anapalira foni. Ankafotokoza ngati analipo. Ndipo analipodi.

Galimoto itayamba kuyenda, agogo anakweza dzanja. Sopo sanadziwe ngati akutsanzika kapena akudziteteza ku fumbi. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Madzulo omwewo Sopo anabwezera matiresi ake m'chipinda chija. Chinali chake tsopano, ndi chitseko chake, ndi zenera lake. Munkanunkhira utuchi. Posesa, anapeza kathabwa kaja pazenera. Kanali katatha. Kanali kosalala ngati tsaya la mwana, ndipo pakati pake panali kangalande kopendekera. Sopo anakatembenuza uku ndi uku osadziwa ntchito yake, n'kukaponya pakabati pabalaza.

7. Kwa wokonza mafoni

M'mawa mwake amayi anauza Sopo kuti avale, awaperekeze. Anapita kwa wokonza mafoni, bambo wina wa magalasi a m'maso ochindikala, amene anali ndi kabenchi pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu. Pabenchipo panali mafoni otsekulidwa mimba, timasikuluwu m'chivindikiro cha botolo, ndi nyale yoyaka masana.

Bamboyo anaitembenuza foni pansi pa nyale n'kuimba kamluzu. Anafunsa ngati inachita ngozi ya pamsewu. Amayi anayankha kuti ndi apongozi awo, anaipala ndi sandipepa.

Wokonza mafoni analowetsa chikhadabo pakona pa galasi n'kutukula. Kanthu kopyapyala kanayamba kusendeka pang'onopang'ono, ngati khungu la anyezi. Anakasenda konse n'kukakweza m'mwamba. Chigamba chonse chija chinali pakapepalako. Pansi pake galasi linali mbee, lopanda ngakhale kadontho.

Anafotokoza kuti kameneko n'kapulasitiki kotetezera, ogulitsa ena amakamatiratu foni isanatuluke m'sitolo, ndipo kakamatidwa bwino mwiniwake sadziwa n'komwe kuti kalipo. Ntchito yake ndi yomweyo, kufa m'malo mwa galasi.

Sopo anamva ngati pansi pakusendekanso.

Bamboyo anatenga singano n'kuyamba kutokosa m'timabowo ta pamwamba, tija totulukira mawu. Munatuluka tinthu toyera touma. Anatinunkhiza.

"Koma foniyi ili ndi mwayi," anatero. "Eni ake amaitsuka m'kamwa. Mayi, mukawauze a kunyumba kwanu, aliyense amene akukhudzidwa. Mankhwala a mano ndi a mano. Sopo ndi wa mbale. Malovu ndi malaya ndiye musayerekeze, m'malaya mumakhala mchenga. Foni imafuna kansalu kofewa basi, mwina kadontho ka madzi pakansalupo, itazimitsidwa. Ikakandika, musalimbane nayo. Mzere sufufutika ndi kukwecha, umangoitana anzake. Bwerani nayo kuno. Anthu amabwera atakwecha ndi phulusa, ena ndi soda, wina anabwera atapaka polishi ya nsapato. Onsewo amati anachita ndi mwana. Inu ndinu oyamba kunena kuti ndi gogo."

Anaseka yekha. Amayi nawo anaseka, n'kumuuza kuti amatepo kena katsopano, kolimba.

8. Amayi alankhula

Pobwerera, Sopo ankayenda pambuyo, akudikira mbama. Anadutsa sitolo ya nsalu, anadutsa pokwerera basi, mbama osabwera. Amayi ankangosisita foni yawo ndi chala, akung'ung'udza nyimbo.

Atafika pamsewu wopanda anthu, Sopo analephera kupirira. Anafunsa ndi mawu aang'ono ngati agogo abwerere tsopano, poti foni ili bwino.

"Abwerere kudzatani?" anatero amayi, osatembenuka. "Chipinda chakutopetsa kale?"

Sopo anayamba kunena kuti mwina agogo sanali, mwina iye sanaone bwino. Amayi anaima n'kumuyang'ana, akumwetulira.

"Iwe, ine ndinakubereka. Fungo lija ndinalimva dzulo lomwe nditangoinyamula. Agogo ako m'kamwa mulibe dzino ngakhale la mankhwala, ndiye mankhwala a mano akawatenga kuti? Ndipo thaulo langa la kubafa ukuyesa sindinalione? Chaka chonse ndakhala ndikufuna njira yochotsera katundu uja osayambana ndi bambo ako. Ine ndikananena, akanati mkazi woipa. Koma wanena ndi mdzukulu, pamaso pa mboni ziwiri. Wandigwirira ntchito, mwana wanga. Tsono umve. Zimene unanena dzulo ndi zomwezo. Ukadzasintha ngakhale liwu limodzi, bambo ako adzadziwa kuti amene anaika sandipepa pafoni, n'kuthamangitsa bambo awo odwala, ndi ndani. Ine ndinangokhulupirira mwana wanga. Ndi mlandu umenewo?"

Anamukonza kolala ya bulauzi mwachikondi, n'kupitiriza ulendo.

Sopo, amene ankaterereka m'manja mwa aliyense, anapeza kuti pali dzanja lina louma, lodziwa kugwira.

9. Galasi loyera

Masana a tsiku lomwelo foni inalira. Anali bambo, pa kanema. Anali atafika pamalo pogwira netiweki.

Amayi anayang'anayang'ana potsamiritsa foni, poti nthawi zonse ankaitsamiritsa ku kapu ndipo inkangogwa. Maso awo anagwera pa kathabwa kaja pakabati. Anakatenga, n'kulowetsa foni m'kangalande kaja. Inakhala ndendende, ngati anachita kuyeza. Amayi anati kanthu aka n'kanzeru, kachokera kuti?

Nkhope ya bambo inatulukira pagalasi, yoyera bwino, thukuta lililonse likuoneka. Anali atakhala pamthunzi wa thiraki yawo, ali wosangalala. Anafunsa za saluni. Anafunsa za sukulu. Kenaka anaseka.

"Lero chithunzi sichikugwedera. Ndiye kuti bambo amaliza kathabwa kaja? Anandinong'oneza ndikunyamuka kuti akupangira mpongozi wawo choikapo foni, mwina angawakhululukire za kabati. Anachita kuyeza ndi maso okha, poopa kuigwira. Tawaitanani, ndiwayamikire."

Panja, mpando wa pakhonde unali pamalo pake, wopanda munthu.

"Pachitika zinthu kuno, bambo ake," anatero amayi mofatsa. "Ine kunalibe. Amene anaona zonse ndi mwana wanuyu. Akufotokozereni yekha."

Anatembenuza kathabwa kaja pang'onopang'ono mpaka foni inayang'anizana ndi Sopo. Dzanja lawo lina linatera paphewa pake n'kukhala pomwepo, lolemera.

Pagalasi panalibe mzere ngakhale umodzi woti abisalepo. Panali nkhope ya bambo, ikumwetulirabe, ndipo pakona, m'kabokosi kakang'ono, panali nkhope yake.

"Nena, mwana wanga," anatero bambo. "Agogo ako ali kuti?"